Tsabola Wakale Wowawabe: Mpikisano wa Magalimoto a Turbo Ooneka Ngati Sanasinthidwe

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenaka itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: A makaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande amene manja adakali bii ndi girisi, madalaivala amene mwaima pa Zalewa kuti injini ipumeko, ndi inu ana asukulu amene fizikisi imakupwetekani mutu, takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso la manja. Tisanapite patali, tamvani kaye phokoso ili.

(Phokoso la injini yolira mobanika, mluzu wokwera pang'onopang'ono, kenaka kulira kwa matayala.)

Mluzu mwaumvawo ndi wa turbo. Mukanaiona galimoto imene ikuimba mluzuwo mukanaseka. Ndi yakuda, ya makona ngati bokosi la machesi, ya zitseko ziwiri, mipando yake yansalu yofewa ngati ya pabalaza, wailesi ilimo, nambala ya pamsewu ilipo. Inapangidwa mu 1987. Mutaipeza itaima pa tchalitchi munganene kuti ndi ya mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito kalekale. Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa, koma uyu musayerekeze kumuika pa lilime.

Galimotoyi ndi Buick Grand National, ndipo lero tili ku America, mumzinda wa Bowling Green m'chigawo cha Kentucky, pa bwalo la Beech Bend. Kumeneko eni magalimoto a Buick amasonkhana pa msonkhano wawo wa GS Nationals. Pakati pa mipikisano imene amachita, ndasankha umodzi umene umandisangalatsa kuposa ina yonse: wa magalimoto a turbo amene lamulo lake ndi lakuti azioneka ngati momwe anatulukira ku fakitale. Eni ake amati stock appearing. Mkati sinthani mmene mungathere, koma diso la woyendera lisaone.

Tiyambe ndi bwalolo. Mpikisano wa mtundu umenewu umatchedwa drag racing. Mulibe makona, mulibe kuzungulira, mulibe kupitirirana. Msewu ndi woongoka, njira ndi ziwiri, magalimoto ndi awiri, onse aima chilili, ndipo wofika koyamba kumapeto ndiye wapambana. Mtunda wake ndi kota ya mailo, ndiye kuti mamita 402. Amene munathamangako mamita 400 pa masewera a sukulu mukuudziwa mtunda umenewu, mapapo anu akuukumbuka. Wayde van Niekerk wa ku South Africa anauthamanga m'masekondi 43.03 ku Rio de Janeiro mu 2016. Galimoto yabwinobwino ya banja imautha m'masekondi 17 kapena 18. Grand National yosakhudzidwa ndi sipana inkautha m'masekondi pafupifupi 14. Zimene tikambe lerozi, zooneka chimodzimodzi ndi yosakhudzidwayo, zimautha m'masekondi 11, zina kuchepera apo.

Masewerawa anabadwira mumsewu, ndipo kubadwa kwake sikunali kokoma. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata a ku California amene anaphunzira za injini ku usilikali ankapikisana usiku m'misewu ya anthu onse, kuyambira pa loboti ina kukafika pa ina. Anthu ankafa, ena osadziwa n'komwe kuti pali mpikisano. Mu 1950 munthu wina dzina lake C.J. Hart anayamba kuchititsa mipikisano pa bwalo la ndege ku Santa Ana, ndipo mu 1951 Wally Parks, mkonzi wa magazini ya Hot Rod, anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association, NHRA mwachidule. Cholinga chake chinali kuwachotsa anyamatawo mumsewu n'kuwapatsa malo otchingidwa, okhala ndi malamulo, wotchi ndi ambulansi. Ndikunena zimenezi poyambirira pomwe chifukwa ndikudziwa kuti pali mnyamata wina amene akumvera uku akuganiza za msewu wa M1 usiku wa Loweruka. Achimwene, pa M1 pali akabaza opanda magetsi, pali mbuzi, pali ana. Zimene tikukamba pano zinayambika ndi cholinga chothetsa zimene mukuganizazo.

Pamwamba penipeni pa masewerawa pali zilombo zotchedwa Top Fuel, zimene zimatha mamita 305 m'masekondi osakwana 4, pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola. Mtunda wa zimenezo unafupikitsidwa mu 2008, dalaivala Scott Kalitta atafa pa ngozi ku Englishtown. Koma zilombo zimenezo sizifanana ndi galimoto iliyonse imene inu ndi ine tinakwerapo, choncho tizisiye.

Nanga Buick inalowa bwanji m'nkhani ya liwiro? Funsoli ndi loyenera, pakuti ku America dzina la Buick linkadziwika ndi madokotala ndi azigogo, anthu ofuna galimoto yofewa yosachita phokoso. Cha m'ma 1970 dziko limenelo linali ndi magalimoto a injini zikuluzikulu za masilinda 8, ndipo Buick nayo inali ndi yake ya malita 7.5. Kenaka kunabwera malamulo oletsa kuipitsa mpweya, mu 1973 mafuta anasowa n'kukwera mtengo, ndipo mphamvu za magalimoto zinagwa ngati chimanga pa mphepo. Buick inali ndi kainjini ka masilinda 6 kamene inayamba kupanga mu 1962, koma mu 1967 inagulitsa makina opangira kainjiniko ku kampani ya Kaiser-Jeep poganiza kuti kalibe ntchito. Mafuta atavuta, mu 1974, inapita kukawombola makina omwewo. Amene munagulitsapo njinga n'kukaigulanso mtengo wa minibasi utakwera mukumvetsa.

Kainjini ka malita 3.8 kameneka ndi kamene anakamangirira turbo. Anayamba kugulitsa magalimoto otere mu 1978. Mu 1984 kunatuluka Grand National yakuda bii ya 200 horsepower. Mu 1986 anaikamo choziziritsa mpweya, intercooler, mphamvu n'kufika 235, ndipo mu 1987 inafika 245. Chaka chimenecho Chevrolet Corvette, imene kampani yaikulu ya General Motors, mwini wake wa Buick ndi Chevrolet, inkanyadira kuti ndiyo mfumu ya liwiro pabanjapo, inali ndi 240, ngakhale inali ndi masilinda 8. Ndipo taonani kuseketsa kwake: fakitale ya Corvette ili mu Bowling Green momwemo. Eni ma Buick amakachitira phwando lawo pakhomo pa mfumuyo.

Chaka cha 1987 chinali chomaliza. Anapanga ma Grand National oposa 20,000, ndipo potsanzika anapanganso 547 apadera otchedwa GNX. Pa pepala analemba kuti GNX ili ndi 276 horsepower, koma magazini ya Car and Driver itaiyesa inatha kota ya mailo m'masekondi 13.5 pa liwiro la makilomita 164 pa ola, ndipo anthu odziwa masamu anakayikira ngati pepalalo linanena zonse. Chaka chotsatira galimoto ya mtunduwu inasinthidwa kotheratu, n'kuyamba kukoka ndi matayala akutsogolo. Nkhani ya ku fakitale inathera pomwepo, ya m'magalaji n'kuyamba.

Tsopano tilowe pansi pa boneti, pakuti m'menemo ndi momwe muli phunziro la lero.

Injini ndi chinthu chopuma. Anthu ambiri amaganiza kuti mphamvu imachokera ku petulo, ndipo n'zoona, koma petulo payekha sayaka. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino imafuna makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya. Kuthira petulo wambiri n'kosavuta, pampu iliyonse ingathe. Chovuta ndi kulowetsa mpweya. Injini wamba imakoka mpweya ngati mmene timapumira ife, ndipo silinda ikadzaza yadzaza, basi. N'chifukwa chake kale wofuna mphamvu ankakulitsa injini.

Koma kumbukirani wosula makasu kumudzi. Moto wa makala pawokha sungafewetse chitsulo. Iye sawonjezera ng'anjo, amagwira mvukuto n'kuukankhira mpweya motowo mpaka chitsulo chifiire. Turbo ndi mvukuto wa injini. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mvukuto uwu sipakhala mwana wopopa. Umapopedwa ndi utsi wa injini yomweyo. Pali timapiko tiwiri tomangidwa pa kamtengo kamodzi kachitsulo. Kena kali m'njira ya utsi wopita ku ekizosi, ndipo utsi wotenthawo umakazunguza. Kakazungulira, kanzake ka mbali inayo kamazunguliranso n'kumakankhira mpweya wabwino m'masilinda. Timapikoti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Mluzu uja ndi umenewo. Nzeru imeneyi si yatsopano: injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, anailembetsa mu 1905.

Tiike manambala. Mpweya umene watizungulirawu, tikakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, umatipanikiza ndi mphamvu ya 14.7 psi, muyezo womwe uja mumauona popopetsa matayala pa filing'i siteshoni. Turbo ya Grand National inkawonjezera pafupifupi 14 kapena 15 pamwamba pake. Ndiye kuti mpweya wolowa unkatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo kainjini ka malita 3.8 kankapuma ngati injini ya malita 7. Mukakweza kukankhako, kumene eni ake amati boost, kufika 22 kapena 25, kainjini komweko kamapuma ngati chilombo. Kunja simuona kusintha kulikonse. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chonse cha mpikisano wathu. Pa galimoto yopanda turbo, mphamvu yowonjezera imaonekera: injini yaikulu, chotupa pa boneti, mapaipi onenepa. Pa galimoto ya turbo mphamvu imabisala mumpweya, ndipo mpweya suoneka.

Zikanakhala zophweka choncho, aliyense akanangopotokola kanati kamodzi n'kukatenga chikho. Pali kachitseko kotchedwa wastegate kamene kamatsegula njira kuti utsi wina ulambalale turbo boost ikakwana. Kukamangitsa kuti kachedwe kutseguka ndi ntchito ya mphindi zochepa. Vuto ndi kutentha.

Inu akabaza, mukamapopa tayala, gwirani kumunsi kwa pampu. Yatentha, eti? Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho gawo lina la phindu lija latayika kale. Choipa kwambiri n'chakuti petulo akasakanikirana ndi mpweya wotentha ndi wopanikizika sadikiranso kuti moto wa pulagi umufikire mwadongosolo. Mbali ina imangophulika yokha, n'kumenya pisitoni ngati nyundo. Kwathu kuno tikati injini yanoka timatanthauza kuti yafa, kagulitseni mbuzi. Kwa anthu a mpikisanowa knock ndi kuphulika kosalamulirikaku, kumene kumamveka ngati timiyala m'chitini, ndipo ndi kalata yochenjeza kuti kunoka kwathu kuja kuli m'njira. Pa Buick chimene chimayamba kugonja kawirikawiri ndi gasiketi ya pa hedi. Ikapulumuka gasiketi, imalipira ndi pisitoni.

Choncho ntchito yeniyeni ya wokonza galimoto yotere ndi kulimbana ndi kutentha popanda kuonetsa zida zake. Intercooler ndi ngati radiyeta ya mpweya, ndipo ya pa Buick ndi yaing'ono, yobisika kutsogolo kwa injini. Amene ali m'magulu aufulu amaichotsa n'kumanga yaikulu kutsogolo kwenikweni kwa galimoto. Wa gulu lathuli sangatero, ayenera kupeza yokwana pamalo omwewo koma yopititsa mpweya bwino. Turbo nayo chimodzimodzi. Chigoba chake chakunja chiyenera kufanana ndi cha ku fakitale, koma amisiri amachikumba mkati n'kulowetsamo timapiko tokulirapo. Mapaipi ndi njira za mpweya za mu hedi amazipala ndi kuzisalaza mkati, maola ndi maola, kunja n'kusiya utoto wakale. Manozo opopera petulo amaika otulutsa wambiri, pampu ya mu thanki amasintha, ndipo kakompyuta koyendetsa injini amakachotsa kachipangizo kosunga malangizo n'kuikamo kena. Petulo amagwiritsa ntchito wa octane yokwera, amene sapsa mtima msanga.

Kumene malamulo amalola, ena amapopera methanol pang'ono m'njira ya mpweya kuti uzizire. Apa mbiri inadzibwereza moseketsa. Imodzi mwa magalimoto awiri oyamba kugulitsidwa ndi turbo ku America mu 1962, Oldsmobile Jetfire, inali ndi kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol pa ntchito yomweyi. Eni ake ankaiwala kudzaza kathankiko, galimoto n'kufooka, iwo n'kumadandaula, ndipo patatha zaka ziwiri zokha inaleka kupangidwa. Nzeru imene inakanika m'manja mwa anthu oiwala inadzapeza kwawo m'manja mwa anthu amene saiwala chilichonse chokhudza galimoto yawo, ngakhale tsiku lobadwa la akazi awo ataliiwala.

Mwina wina akuti, kuchoka pa masekondi 14 kufika pa 11, masekondi atatu okha, n'chiyani chimenecho? Masamu ake ndi ankhanza. Pa galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 1,600 ngati iyi, kuti muchotse masekondi atatu amenewo mphamvu iyenera kuwirikiza kawiri. Sekondi iliyonse yotsatira imadula kuposa yapitayo.

Ndinene maganizo anga pang'ono. Ine gulu limeneli ndimalikonda chifukwa mpanda umene anadzimangira umawakakamiza kuganiza. Wopanda malire akasowa mphamvu amagula turbo yaikulu. Wa mumpanda ayenera kumvetsa chifukwa chake mpweya ukuchedwa pa kona inayake ya paipi. Koma ndisakunamizeni kuti ndi mpikisano wa anthu osauka. Kubisa kumadula. Chitsulo chokumbidwa ndi manja kuti chioneke chakale chimatha kudya ndalama zambiri kuposa chachikulu chogula m'sitolo. Ndipo mawu akuti yooneka ngati ya ku fakitale ndi bodza limene onse anagwirizana kulinena mwaulemu. Palibe amene akupusitsidwa. Aliyense pa bwalopo akudziwa kuti mkati mwasintha. Mkangano umangokhala pa funso lakuti diso liyenera kuyang'ana mpaka pati, ndipo n'chifukwa chake malamulo a magulu otere amasiyana bwalo ndi bwalo, amalembedwanso chaka ndi chaka.

Tipume pang'ono. Tikabweranso tikaima pa mzere woyambira.

(Nyimbo kwa masekondi 30.)

WOULUTSA: Mwabweranso bwino. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tili ku Kentucky ndi magalimoto akale a Buick amene amaoneka ofatsa koma ali ndi moto m'mimba.

Galimoto yathu yafika pa bwalo. Choyamba dalaivala amapondetsa matayala akumbuyo pamalo othiridwa madzi, n'kuwazunguza galimoto itaima mpaka utsi woyera uti tolo. Sikudzionetsera ayi. Akuchotsa timiyala ndi fumbi, ndipo akutenthetsa labala kuti likhale lomata. Msewu nawo amaupopera mankhwala omata, moti mutayendapo nsapato imatsalira. Matayalawo amakhala ololedwa pamsewu koma a labala lofewa, ndipo amawaphwetsa pang'ono kuti agwire pansi ndi thupi lonse.

Kutsogolo kwake, pakati pa njira ziwirizo, pali mzati wa magetsi umene amautcha mtengo wa Khirisimasi. Unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963, m'malo mwa munthu wokupiza mbendera. Pansi pali timizere tiwiri ta kuwala todutsa njira, totalikirana masentimita pafupifupi 18. Tayala lakutsogolo likadula koyamba, getsi lapamwamba limayaka. Likadula kachiwiri, layaka lina, kusonyeza kuti galimoto yakonzeka. Onse awiri akakonzeka, magetsi atatu achikasu amayaka motsatizana, kusiyana theka la sekondi, kenaka lobiriwira. Pali mtundu wina woyatsira umene achikasu onse amayaka pamodzi, lobiriwira n'kutsatira patatha masekondi 0.4.

Tsono apa pali chodabwitsa. Dalaivala amene amadikira getsi lobiriwira waluza kale. Diso liyenera kuuza ubongo, ubongo uuze phazi, phazi lisiye buleki, ndipo galimoto iyende mpaka tayala lichoke pa kamzere kaja. Zonsezi zimadya pafupifupi theka la sekondi. Choncho katswiri amanyamuka lachikasu lomaliza likangoyaka, kuti tayala lichoke pa mzere pa nthawi yomwe lobiriwira likuyaka. Akafulumira ndi kadontho kokha, limayaka lofiira, ndipo mpikisano wake wathera pomwepo, ngakhale atamusiya mnzake kutali bwanji.

Wa turbo ali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu. Mvukuto uja umadalira utsi, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono utsi ndi wochepa. Mukangoponda mafuta galimoto itaima, pamapita kanthawi turbo isanadzuke. Amene mumayendetsa Hilux kapena lole ya dizilo mukukudziwa kuzengereza kumeneku: mwaponda, palibe kanthu, kenaka mwadzidzidzi yakukankhani kumsana. Pa mpikisano wa masekondi 11 kanthawi kameneko ndi chaka. Mwamwayi ma Grand National onse anatuluka ndi giya ya otomatiki, ndipo imeneyi imalola chinyengo china chololedwa. Dalaivala amaponda buleki mwamphamvu ndi phazi lamanzere, lamanja n'kumaponda mafuta. Injini imalimbana ndi mabuleki, utsi umachuluka, turbo imayamba kuimba galimoto isanasunthe. Kulira kobanika kumene munamva poyamba paja ndi kumeneku. Akakankha boost yochepa, galimoto inyamuka mwaulesi. Akapyola muyezo, mwina ikwawa n'kudula mzere nthawi isanakwane, mwina matayala angozungulira pamalo amodzi n'kufuka utsi mnzake akupita. Ndipo zonsezi akuzichita diso lina lili pa geji, lina pa magetsi.

Mamita 18 oyambirira ndiwo amaweruza mlandu. Eni masewerawa amayeza nthawi ya kagawo kameneka payokha, ndipo amadziwa kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi lopulumutsidwa pamenepo limabala pafupifupi awiri kumapeto. Musalipeputse gawo limodzilo. Pa liwiro la makilomita 160 pa ola galimoto imayenda mamita oposa 4 m'kanthawi kameneko, pafupifupi utali wa galimoto yonse.

Akamaliza, dalaivala amabwerera pa kamsewu ka m'mbali n'kulandira kapepala konga lisiti ya m'golosale. Palembedwa nthawi imene anatenga kuti anyamuke, nthawi ya pa mamita 18, ya pa theka la mtunda, ya kumapeto, ndi liwiro limene anali nalo m'mamita 20 omaliza. Odziwa amawerenga kapepalaka ngati dokotala. Liwiro lakumapeto limanena za mphamvu ya injini. Nthawi imanena za mmene mphamvuyo yafikira pansi. Liwiro likakhala lalikulu koma nthawi yoipa, musavutike ndi injini, yang'anani matayala ndi phazi la dalaivala. Komanso wotchi ya aliyense imayamba tayala lake likachoka pa mzere, pamene wopambana ndi amene wafika koyamba. Choncho zimachitika kuti galimoto ya masekondi 11.3 imagonjetsa ya 11.2, chifukwa mwini wa yothamangayo anagona pa magetsi. Palibe kugonja kowawa ngati kumeneko, pakuti kapepala kamasonyeza poyera kuti wolakwa si galimoto.

Pakati pa mpikisano wina ndi wina mudzaona maboneti otsegula, mafani akupemerera, ena ataika matumba a ayezi pa injini. Madzulo kukazizira nthawi zimatsika zokha popanda wogwira sipana, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera. Kukwera kwa malo nakonso kumalowererapo. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Galimoto yomweyo imene ili ndi nyonga ku Nsanje imafookako ikafika ku Lilongwe, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Ya turbo imabweza gawo lalikulu la kutayako pozungulira mofulumirirapo. Abale athu amene muli ku Joni, kumene kuli pamwamba kuposa apo, mukapita pa bwalo la Tarlton kufupi ndi Krugersdorp mukaona chifukwa chake anthu akumeneko amaikonda turbo. Amene muli ku Britain, bwalo lanu ndi Santa Pod, limene linatsegulidwa mu 1966 pa bwalo lakale la ndege zankhondo.

Pali malo amodzi pamene maonekedwe a ku fakitale amagonja, ndipo ndi pa chitetezo. Malamulo a NHRA akhala akunena kuti galimoto yakale ngati iyi ikatsika pa masekondi 14, dalaivala avale chipewa cholimba. Ikafika pa 11.49, mumangidwe chitsulo chokhota kumbuyo kwa mpando, choteteza mutu ikagubuduka. Ikatsika pa masekondi 10, pamafunika khola lonse lachitsulo ndi laisensi ya mpikisano. Choncho mukafuna kudziwa ngati Buick yofatsa ija ndi yofatsadi, musataye nthawi ndi boneti. Suzumirani pa windo. Mukaona chitsulo kumbuyo kwa mpando wansalu uja, perekani moni mwaulemu.

A makaniko athu, kuchokera pa zonsezi tengani ziwiri zokhudza ma turbo a dizilo amene adzaza m'misewu yathu. Kamtengo kozungulira maulendo 100,000 pa mphindi kamayandama pa oyilo, ndiye oyilo wakuda kapena wochepa amakapha msanga, ndipo dalaivala amene wakwera chitunda cha Thyolo kapena cha Chiweta ndi katundu asazimitse injini atangoima, aisiye ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire oyilo akuyendabe. Chachiwiri ndi sefa ya mpweya. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa, limadya timapiko tija ngati sandipepa.

Tibwerere ku Beech Bend, dzuwa likulowa. Magalimoto akhala akuchotsana awiriawiri, wogonja n'kupakira, mpaka kwatsala imodzi. Koma mwini wake sanayambe kusangalala. Pobwera kumapeto amayamba wakwera pa sikelo, iye ali momwemo, kuti aone ngati sanachotse zolemera mobisa. Kenaka amaitsogolera pambali. Woyendera amabwera ndi tochi ndi choyezera. Amasuzumira pansi, amayang'ana matayala, amawerenga mipando, ndipo ngati pali wodandaula angalamule kuti paipi ya kukamwa kwa turbo imasulidwe kuti ayeze timapiko ta mkati. Anzake amene wawagonjetsa aima mozungulira, manja m'matumba, makosi atatalika. Mwini galimoto amamasula yekha, ndi sipana yake, chitsulo chikadali chotentha.

Nthawi yatithera. Mafunso anu tumizani monga mwa masiku onse, makamaka inu amene muli ndi turbo yolira mluzu wachilendo. Sabata yamawa tidzakamba za mabuleki.

(Mluzu wa turbo, kenaka nyimbo yotsekera.)